Dimba la m'mbali mwa Shire ndi mapiramidi a ku Egypt

Ikafika Sepitembala, dera la Nkaya limauma mochititsa chisoni. Udzu umakhala utapsa, milambe itayoyola masamba, mbuzi zikungotola mapesi otsala m'minda, ndipo fumbi lake limalowa m'mano momwe. Balaka ndi limodzi mwa maboma amene mvula imawachita tsankho, moti anthu ake sachita kuuzidwa za chilala. Koma mukatsetserekera ku Shire, kapena m'mbali mwa Rivirivi cha ku Utale, mumakumana ndi kamzere kobiriwira. Chimanga chikutulutsa ngayaye, mpiru ndi nkhwani zili mbwee, amayi ali ndi makheni m'manja, anyamata akupalasa thiredo pampu. Mukangoyenda pang'ono kubwerera kumtunda, ndi fumbi lokhalokha. Kamzere kameneka ndiye dimba, ndipo amene amalimamo akudziwa kale, ndi manja awo, phunziro limene limazunguza ana ambiri a sekondale.

Mwana akatsegula buku la mbiri yakale amakumana ndi mayina olemetsa lilime: Egypt, Mesopotamia, Indus, China. Amaloweza kuti zitukuko zoyamba zinabadwira m'zigwa za mitsinje, nalemba mayeso, nakhoza, koma osazindikira kuti nkhaniyo ndi yomwe ija mayi ake amaichita m'mamawa uliwonse. Kunena mosapita m'mbali, dziko la Egypt ndi dimba. Ndi dimba lotalika makilomita opitirira 1,000, kuchokera ku Aswan mpaka kunyanja ya Mediterranean, lopyapyala moti malo ena munthu atha kuima mwendo umodzi pa dothi lakuda, wina pa mchenga wa chipululu. Munda wakumtunda kulibe, chifukwa mvula kumeneko ndi nkhani yongomva. Mpaka lero Aigupto pafupifupi onse amakhala mothinana m'mbali mwa Nile ndi kumathiriro kwake, pamene dziko lonse lotsalalo lili gwaa.

Madzi a dimba limeneli amachokera kutali. Mvula imagwa m'mapiri a ku Ethiopia kuyambira Juni mpaka Sepitembala, imakokolola dothi lam'mapirimo, ndi kulitsitsira mu Blue Nile ndi Atbara. Kale madziwo ankafika ku Egypt m'miyezi yotentha, nasefukira m'chigwa chonse, nakhala masabata angapo. Akaphwa ankasiya matope akuda, onyowa, achonde. Mlimi ankangomwaza tirigu ndi balere, nthawi zina kulowetsamo nkhosa kapena nkhumba kuti zipondereze mbewu. Ife timati walira mvula walira matope, kutanthauza kuti chabwino chimabwera ndi zovuta zake. Iwo matopewo ndi amene ankawalira. Chaka chawo anachigawa patatu motsatira mtsinjewo: nyengo ya chigumula, nyengo yodzala, ndi nyengo yokolola.

Tsono aliyense amene analimapo dimba akudziwa zimene madzi osefukira amabweretsa kuwonjezera pa chonde. Amafafaniza malire. Chitsa chimene munkati ndiye polekeza panu chapita ndi madzi, mnzanu wabwera ndi khasu walowerera mizere itatu, ndipo nkhani yafika kwa anyakwawa. Ganizirani mlandu wotere ukuchitika chaka ndi chaka, m'midzi masauzande. Pamafunika munthu wa chingwe woyeza minda, munthu wosunga m'mutu kapena papepala kuti dera ili ndi la yani, ndi munthu wina pamwamba pawo amene mawu ake satsutsidwa. Pamafunikanso nkhokwe, chifukwa chigumula sichinkabwera mofanana. Chikachepa, minda yakutali ndi mtsinje inkakhala youma. Chikachuluka, chinkagwetsa nyumba. N'chifukwa chake anajambula miyeso pamakwerero a miyala otsikira kumtsinje, monga pachilumba cha Elephantine, kuti adziwiretu ngati chaka chikhale cha mwanaalirenji kapena cha njala, ndiponso kuti adziwe msonkho woti adule. Nkhani ya Yosefe ya m'buku la Genesis, ya zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu ndi zisanu ndi ziwiri za njala, ndi nkhani ya nkhokwe za boma m'dziko la dimba. Amene wagwira kiyi wa nkhokwe ndiye wagwira anthu.

Cha m'ma 3100 BC chigwa chonsecho chinakhala pansi pa mfumu imodzi, ndipo dzina limene limatchulidwa pa kugwirizanitsako ndi la Narmer. Mtsinje womwewo unathandiza. Madzi a Nile amayenda kulowera kumpoto, pamene mphepo nthawi zambiri imawomba kulowera kum'mwera. Wopita kumunsi amangotengedwa ndi madzi, wobwerera amakweza thanga. Wokhometsa msonkho, msilikali ndi mlembi wa Farao ankafika pakhomo la aliyense osatuluka thukuta kwambiri.

Mapiramidi anachokera m'nkhokwe zimenezi. Piramidi yaikulu ya ku Giza, ya Farao Khufu, inamangidwa cha m'ma 2560 BC. Inali yotalika mamita 146 ndipo inadya miyala pafupifupi 2.3 miliyoni. Akatswiri ofukula zakale anapeza mudzi wa antchito pafupi pomwepo, wokhala ndi malo ophikira buledi ndi mafupa ambirimbiri a ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi. Mu 2013, pa malo otchedwa Wadi al-Jarf m'mphepete mwa Nyanja Yofiira, anapezanso zolemba za kapitawo wina dzina lake Merer, amene ankalemba tsiku ndi tsiku za maulendo a gulu lake potuta miyala pangalawa kuchokera ku Tura kupita ku Giza. Palibe zamatsenga pamenepa, ngakhale pali anthu amene amakonda kunena kuti Afirika sakanatha kumanga zotere popanda alendo ochokera kumwamba. Panali chakudya chotsala, panali alembi odziwa kuchiwerenga, ndipo panali mfumu yotha kuitana anthu. Kum'mwera, m'dziko limene lero ndi Sudan, mafumu a Kush anatengera mwambowu namanga mapiramidi ang'onoang'ono ochuluka kuposa a ku Egypt komwe. Anafika mpaka polamulira Egypt yense, ndipo mmodzi wa iwo, Taharqa, amatchulidwa m'Baibulo m'buku lachiwiri la Mafumu.

Ku Mesopotamia, komwe lero ndi Iraq, dimba lake linali lovuta. Tigris ndi Euphrates amasefukira chipale chikasungunuka m'mapiri a ku Turkey, cha mu Epulo ndi Meyi, nthawi imene balere wacha ndipo akudikira chikwakwa. Madzi amabwera pamene sakufunika, nasowa pamene mbewu zili ndi ludzu. Alimi a m'mbali mwa Rivirivi, mtsinje umene umatha kudzaza usiku umodzi ndi mvula yogwa ku Ntcheu, angamvetse msanga mtima wa anthu amenewa. Kumeneko panalibe kuchitira mwina koma kukumba ngalande, kumanga zipupa zotchinga madzi, ndi kumazikonza chaka chilichonse. Mizinda ngati Uruk ndi Ur, kwawo kwa Abrahamu, inakula pa ntchito imeneyi. Kulemba kunayambira komweko cha m'ma 3300 BC, pa timapale tadothi, ndipo zoyamba kulembedwa sizinali ndakatulo kapena mapemphero ayi. Zinali kaundula: balere wochuluka mwakuti, nkhosa zingapo, mowa wa antchito. Malamulo a Hammurabi, mfumu ya ku Babylon cha m'ma 1750 BC, ali ndi ndime zonena za munthu amene wachita ulesi kukonza chipupa chake mpaka madzi akokolola munda wa mnzake, ndipo chigamulo chake ndi kubweza dzinthu zowonongekazo. Gulupu aliyense wa ku Balaka angagamule chimodzimodzi osawerenga n'komwe. Kuthirira kwa zaka mazanamazana m'dziko lotentha kunasiyanso mchere m'nthaka ya kum'mwera, vuto limene likadalipo.

Ku Indus, m'dziko la Pakistan ndi mbali ina ya India, mizinda ya Harappa ndi Mohenjo-daro inali pachimake pakati pa 2600 BC ndi 1900 BC. Inali ya njerwa zootcha, ya misewu yowongoka ndi ngalande zotayira madzi oipa, ndipo anthu ake ankalima thonje, mbewu yomwe ija alimi a ku Balaka amalira nayo mitengo chaka ndi chaka. Zolemba zawo palibe amene wakwanitsa kuziwerenga. Ku China kunali Huang He, mtsinje wa matope achikasu, ndi mapira ake. Mafumu a Shang ku Anyang ankalemba mafunso awo kwa mizimu pa mafupa a ng'ombe ndi zigoba za akamba. Ku Mexico, kwawo kwenikweni kwa chimanga, Aaztec anaunjika matope m'nyanja yosaya napanga timinda tozunguliridwa ndi madzi, ndipo timinda timeneto tinadyetsa mzinda wa Tenochtitlan. Tisaiwale kuti chimanga chimene timachiyesa cha makolo chinafika kuno ndi ngalawa za Apwitikizi chitadutsa chaka cha 1500. Nsima ya makolo akale inali ya mapira ndi mawere.

Apa ndi pamene mwana wochenjera amakweza dzanja. Ngati dimba ndi limene limabala mafumu, alembi ndi mapiramidi, nanga ife bwanji? Shire si uyu, madimba si awa, nanga piramidi yathu ili kuti? Funsoli ena amaliyankha ndi manyazi, ena ndi mkwiyo. Ine ndimaona kuti yankho lake lili m'dimba momwemo.

Kwa mlimi wa ku Nkaya, dimba ndi lachiwiri. Choyamba ndi munda wakumtunda, wodalira mvula ya Disembala mpaka Malichi. Dimba limapulumutsa munda ukakanika, limapereka ndiwo ndi kandalama ka sopo, koma moyo wonse wa banja sunamangiriridwe pamenepo. Ngakhale Balaka ndi wouma, mvula yake ya chaka chimodzi ku Cairo sangaione pa zaka khumi. Ndipo kale, anthu ali ochepa, tchire linali lambiri. Mfumu ikachita nkhanza, mwini mbumba ankasonkhanitsa alongo ake ndi ana awo, nasenza mbewu, makasu ndi mbiya, nawoloka phiri kukatema tsala lina. Mbiri ya midzi yathu yambiri imayamba choncho: anakangana, anapatukana, anasamuka. Mlimi wa ku Egypt akanathawira kuti? Kum'mawa mchenga, kumadzulo mchenga. Farao akati tuta miyala, ankatuta. Katswiri wina wa ku America, Robert Carneiro, analemba mu 1970 kuti maboma oyamba anamera makamaka m'malo otere, achonde koma otsekeredwa ndi chipululu, mapiri kapena nyanja, kumene wogonja alibe kolowera. Si akatswiri onse amene amavomereza kuti chifukwa chake ndi chokhachi, koma kwa ine mfundoyi ili ndi mnofu. Piramidi imaonetsa luso, inde, koma imaonetsanso anthu amene analibe pothawira.

Shire mwiniwakeyo si Nile. Amatuluka m'nyanja ya Malawi ku Mangochi, nadutsa mu Malombe, ndipo nyanjayo imakhala ngati ikumusungira madzi, kumapereka pang'onopang'ono. Kumtunda kuno sabwera ndi chigumula cha matope chodziwika tsiku lake. Amadalira msinkhu wa nyanja, ndipo nyanja ikatsika kwambiri amatha kuleka. Zinachitikadi: kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 madzi analeka kutuluka m'nyanja, mchenga ndi bango zitatseka njira. Kamuzu Barrage ya pa Liwonde, ya mu 1965, inamangidwa kuti madzi aziyenda mwadongosolo kupita ku makina a magetsi kumunsi. Kusefukira kwenikweni kumachitika ku Chikwawa ndi Nsanje, Ruo ndi Mwanza akathiramo madzi awo, ndipo nkhani yake imakhala ya maliro kawirikawiri, monga tinaonera mu 2015 ndi mu 2023 pa namondwe wa Freddy.

Komanso Shire ngwoduka pakati. Kuchokera ku Mangochi kudutsa Liwonde ndi dera la Nkaya mpaka ku Matope, madzi ake ndi odekha, bwato limayenda bwino. Kupyola Matope amayamba kugudubuzika m'mathithi: Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga, Kapichira. Palibe ngalawa yodutsa pamenepo. David Livingstone atafika mu 1859 anasiya sitima yake kumunsi kwa Kapichira nayenda wapansi. Ena mwa mathithi amenewa lero ndi amene amatiyatsira magetsi, koma kale onsewo ankatanthauza kuti mfumu ya kunyanja singatumize asilikali pamadzi kukalanga mfumu ya kuchigwa. Nile anamanga dziko lake pamodzi. Shire anagawa lake pawiri.

Sikuti m'chigwa muno munalibe kanthu. Anthu osula chitsulo ndi olima anafika kum'mwera kwa nyanja zaka pafupifupi 1,700 zapitazo. Mbiya zawo akatswiri amazitcha za Nkope, potengera malo a ku Mangochi kumene Keith Robinson anazifukula. Osula chitsulowo anapeza eni nthaka, Akafula, amene zojambula zawo zofiira zikadali m'mapanga a Chongoni ku Dedza, pamodzi ndi zoyera zimene Achewa anadzajambula pambuyo pake. Malowa bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Patapita zaka mazana ambiri kunadza Amaravi, a mfunda wa Phiri, amene mbiri yapakamwa imati anachokera ku Uluwa, m'dziko la Congo. Mfumu yawo, Kalonga, inakhazikika ku Mankhamba ndi Manthimba, kum'mwera chakumadzulo kwa nyanja, cha ku Mtakataka.

Taonani tsono pamene ufumu umenewu unatsamira. Popeza chakudya chinkachokera ku mvula, mphamvu yaikulu inali ya wopempha mvula. Abanda, amene Aphiri anawapeza, ndiwo anali eni kachisi. Makewana wa ku Msinja ankalandira nsembe kuchokera kutali, ndipo kuchigwa cha Shire kunali kachisi wa Mbona ku Khulubvi, amene alipo mpaka lero ku Nsanje. Kalonga anali Mphiri, wolowa ufumu kudzera kwa amayi a mzere wa Nyangu, koma mkazi wake wamkulu, Mwali, ankachokera kwa Abanda. Umenewo unali mgwirizano wa mkondo ndi mvula, womangidwa ndi ukwati. Farao ankayeza mtsinje pa makwerero a miyala. Kalonga ankatumiza nsalu yakuda kukachisi. Onse awiri ankayankha funso limodzi, lakuti kodi chaka chino tidya.

Mwendo wachiwiri wa ufumuwu unali njira ya malonda. Mlenje akapha njovu, mnyanga wogunda pansi unali wa mwini dziko. Minyanga, zikopa za mikango ndi akambuku, makasu ndi mchere zinkapita kwa mfumu ngati mtulo, ndipo mfumu inkagawa nsalu ndi mikanda kwa mafumu ang'onoang'ono kuti asaitaye. Yusuf Juwayeyi, katswiri wa Chimalawi amene anafukula ku Mankhamba, anapezako mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja ya India, zibenthu za mbale za ku China, zinthu za mkuwa, ndi zizindikiro zakuti anthu ankasema makoza a minyanga pomwepo. Mkuwa sukumbidwa ku Dedza, mbale za ku China siziumbidwa ku Mtakataka. Zonsezi zinayenda pamitu ya anthu, m'tinjira ta m'tchire, kuchokera ku Zambezi ndi kugombe la nyanja yamchere. Anthu amenewa ankalidziwa dziko lakunja, ndipo dziko lakunja linkawadziwa. Mapu akale a Azungu analemba dzina la Maravi panyanja yathu zaka zambiri Livingstone asanabadwe.

Khalidwe lija losamuka silinasiye ngakhale abale a mfumu. Undi anachoka nakakhazikika ku Mano, m'chigawo cha Tete, ndipo ufumu wake ndi umene ukupitirira mwa Kalonga Gawa Undi ku Katete m'dziko la Zambia, kumene Achewa a mayiko atatu amakumana pa Kulamba. Kaphwiti ndi Lundu anatsikira ku Shire. M'zaka zoyambirira za m'ma 1600 zolemba za Apwitikizi zimatchula mfumu yamphamvu dzina lake Muzura, imene inawabwereka ankhondo masauzande pa nkhondo zawo za kutsidya kwa Zambezi, kenaka inagonjetsa Lundu mothandizidwa ndi Apwitikizi omwewo. Mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, ananyamuka ku Tete, nacherezedwa kwa Muzura, napitirira wapansi mpaka ku Kilwa, pagombe la Tanzania. Njira inalipo kale, iye anangoitsata.

Kumene dimba linakhala pakati penipeni pa moyo ndi kuchigwa cha kumunsi, kwa Amang'anja. Iwo ankalima mphala nthawi ya dzinja, madzi akaphwa natsikira kumadimba, ndipo wolemba mbiri Elias Mandala anafotokoza bwino m'mene minda iwiriyi inkagwirizirana. Ankalima thonje, naluka nsalu zolimba za machila zimene zinkagulidwa m'chigwa chonse cha Zambezi, nasula makasu, naphika mchere. Livingstone anapeza ng'anjo ndi oluka nsalu m'midzi yambiri. Komabe ngakhale kumeneko mapiri a Thyolo ndi a Kirk anali pafupi, othawirako.

Kum'mwera kwa Zambezi zinthu zinapita patali pang'ono. Ku Mapungubwe, pamene Shashe amathira mu Limpopo, anthu ankalima m'malo osefukira madzi, ankaweta ng'ombe, nagulitsa golide ndi minyanga. M'zaka za m'ma 1200 mfumu yawo inakwera kukakhala paphiri, anthu wamba natsala pansi, ndipo m'manda a paphiripo munapezeka kachipembere kokutidwa ndi golide. Pambuyo pake kunadza Great Zimbabwe, ya makoma a miyala yosanja popanda matope, ena otalika mamita 11. Apa fanizo la dimba limatsimphina, ndipo ndi bwino kuvomereza. Great Zimbabwe sili pa mtsinje waukulu. Chuma chake chinali ng'ombe ndi golide wopita ku Sofala ndi Kilwa. Komanso miyala ya m'mapiri a kumeneko imasweka yokha m'mapalemapale osavuta kusanja. Munthu amamanga ndi chimene wachipeza pakhomo. Aigupto anali ndi miyala ya laimu ndi mpweya wouma umene umasunga ngakhale pepala zaka 4,500. Makolo athu anali ndi mitengo, nsungwi, udzu ndi dothi, pamodzi ndi mvula ndi chiswe. Likulu la Kalonga likanakhala lalikulu bwanji, chiswe chikanalimaliza ndithu. Chimene chinatsala ndi mapale, mikanda, zotsalira za m'ng'anjo, mayina a mifunda, Gule Wamkulu, ndi chinenero chimene mukuwerengachi, chimene chimamveka kuyambira ku Nsanje mpaka ku Lusaka. Kuyeza chitukuko ndi mulu wa miyala wokha ndi kuyeza kwa munthu waulesi.

Chimene chinagwedeza dera la Machinga ndi Balaka m'zaka za m'ma 1800 chinabweranso ndi njira. Ayao, amene kwa nthawi yaitali ankayenda malonda pakati pa nyanja yathu ndi Kilwa ndi chilumba cha Mozambique, anasamukira kuno kuchokera kumpoto kwa Mozambique, atapanikizidwa ndi nkhondo ndi njala kwawoko. Mafumu ngati Kawinga, Liwonde ndi Mponda anakhazikika pa malo olamulira madooko ndi mipata ya m'mapiri. Malonda anali a minyanga, nsalu, mfuti ndi wonga, ndiponso a anthu, zimene sitiyenera kuzibisa. Chilala cha 1862 ndi 1863 chinapeza midzi ya m'chigwa itabalalika kale ndi nkhondo, ndipo anthu anafa ambiri. Chisilamu chimene chili cholimba ku Machinga, ku Mangochi ndi mbali zina za Balaka chinadzera m'njira zomwezo. Azungu atafika anaona zomwe Ayao anaona: anamanga linga pa Liwonde, ndipo Matope anakhala dooko la sitima zapamadzi zopita kunyanja, katundu atasenzedwa pamutu kulambalala mathithi.

Njanji inadzatenga malo a mitu ya anthu. Ya ku Blantyre inatha mu 1908, ndipo mu 1935 inatalikitsidwa kudutsa Nkaya ndi Balaka mpaka ku Salima, chaka chomwe mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa. Mu 1970 boma la Kamuzu Banda linatsegula nthambi yochokera pa Nkaya, kuwoloka Shire pa Liwonde, kukafika ku Nayuchi pamalire, kumene imalumikizana ndi njanji ya ku Nacala. M'chaka chomwecho Aigupto anamaliza damu lalikulu la Aswan. Chigumula cha Nile chinathera pomwepo, matope a ku Ethiopia anayamba kutsakamira kuseri kwa damu, ndipo mlimi wa ku Egypt anayamba kudalira kwambiri feteleza ngati mnzake wa ku Utale.

Nthambi yachinayi inafika pa Nkaya m'zaka za m'ma 2010, pamene kampani ya ku Brazil ya Vale inamanga njanji yatsopano kuchokera ku migodi ya malasha ya Moatize, pafupi ndi Tete, kudzera ku Chikwawa, Mwanza ndi Neno. Njira yonseyo, kuchokera ku Moatize mpaka ku dooko la Nacala-a-Velha, ndi ya makilomita opitirira 900. Sitima zake zimakoka mabogi opitirira 100, ndipo woyembekeza kuwoloka njanji amatha kutsitsa katundu pamutu n'kukhala pansi. Zimachokera ku Zambezi, kuwoloka Shire, kulunjika kugombe la nyanja ya India, mbali yomwe ija minyanga ya Muzura inkalowera. Vale inagulitsa migodi ndi njanjiyo mu 2022 kwa kampani ya Vulcan, ya gulu la Jindal la ku India, ndipo gawo lalikulu la malashawo limakwera ngalawa kupita ku Asia.